Sikelo ndi Lamba: Zaka 70 za Bungwe Loyang'anira Nkhonya ku Zimbabwe

Mu 1956 nyumba ya malamulo ya Southern Rhodesia inavomereza lamulo lotchedwa Boxing and Wrestling Control Act. M'lamulo limeneli ndi momwe munabadwira bungwe lomwe lero limadziwika kuti Zimbabwe National Boxing and Wrestling Control Board, ndipo chaka cha 2026 ndi cha 70 chibadwireni. Inali nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pomwe makolo athu ankakwera malole a Ulere kapena kulembetsa ku Mthandizi n'kukathera m'migodi ya ku Selukwe, Shabani, Que Que ndi Umvuma (lero Shurugwi, Zvishavane, Kwekwe ndi Mvuma). Ambiri anatchona. Ana ndi zidzukulu zawo ndi omwe mumawapeza lero ku Makusha, ku Maglas, ku Torwood ndi ku Amaveni, ena akutulutsabe gule wamkulu pa maliro. Choncho mbiri ya bungweli si ya eni nthaka okha ayi. Nafenso tinalipo m'maholo a migodi, ena pa benchi kukuwira, ena m'bwalo momwemo magolovesi ali m'manja.

Nkhonya zinayamba kale bungweli lisanaganiziridwe n'komwe. Katswiri wa mbiri Terence Ranger, m'nkhani yake yomwe inatuluka mu 1987, anafotokoza momwe anyamata a m'malokeshoni a Salisbury (lero Harare) ndi Bulawayo anatolera masewerawa m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 n'kuwasandutsa awoawo. Magulu ankatsata mtundu ndi kwawo kwa munthu, anthu ankasonkhana Lamlungu masana, ndipo ambiri ankadalira mangolomera kuposa mphunzitsi. Akuluakulu a boma ankati zimenezi n'zoputa ndewu za mitundu. Ena mwa iwo ankafuna kungoletseratu, ena ankati bola kuzipereka m'manja mwa mabungwe a azungu omwe ankati ndi osamalira anthu akuda. Pa mabwalo oterowo panalibe wofunsa kuti munthu akulemera bwanji. Wodzimva mphamvu ankangolowa pakati n'kuloza amene akumufuna.

Kumigodi maganizo amenewa anali ndi mizu yozama. Chigawo cha Midlands chinakhala pa miyala ya mtengo wapatali: chrome ku Shurugwi, asbestos ku Zvishavane komwe mgodi wa Shabanie unayamba cha m'ma 1916, golide pa Globe and Phoenix ku Kwekwe, ndi chitsulo ku Redcliff. Ntchito yapansi inkafuna msana. Kapitawo posankha olayisha miyala ankayang'ana mapewa ndi ntchafu, sankafunsa kuti unalekeza kalasi yanji. Ndiye m'komboni munthu wadzitho ankapatsidwa njira ngakhale pa mzere wa phoso, ndipo wochepa thupi ankayenera kukhala ndi lilime lakuthwa kapena miyendo yopepuka. Makampani nawo ankadziwa zomwe akuchita pomanga maholo ndi mabwalo a masewera, chifukwa wantchito yemwe Loweruka ali ku mpira kapena ku nkhonya saganiza zonyanyala ntchito Lolemba. Komabe cholinga chawo chikhale chotere, m'maholo momwemo ndi momwe mwana wa m'komboni anayamba kuona ndi maso ake kuti kamunthu kowonda kangathe kuvinitsa chimunthu chachikulu, chibakera chilichonse chikungopita m'malere.

Lamulo la 1956, lomwe linadza patangotha zaka ziwiri South Africa itakhazikitsa lake lofanana nalo, linapatsa bungweli ntchito yoyang'anira nkhonya zolipidwa, kuchotsa zachinyengo, ndi kuteteza oponya nkhonya, mapromota, oyendetsa masewera komanso anthu olipira pakhomo. Palibe wololedwa kumenya nkhonya ya ndalama asanalembetse. Manijala, promota, woimbira ndi majaji nawonso amayenera kukhala ndi ziphaso. Wofuna kukonza nkhonya amayamba wapempha chilolezo, n'kuonetsa kuti walumikiza ndani ndi ndani, ndiponso kuti ndalama za anyamatawo zilipodi. Dokotala amayenera kuyeza aliyense. Zonsezi n'zofunika, koma ine ndimati chida chachikulu chomwe bungweli linakhazikitsa m'masewerawa ndi sikelo.

Kugawa anthu potengera kulemera sikunayambire ku Rhodesia. Ku London, bungwe la National Sporting Club linakhazikitsa magulu asanu ndi atatu mu 1909, ndipo lero m'nkhonya zolipidwa za abambo magulu odziwika ndi onse alipo 17. Malire ake ndi othinana kwambiri moti munthu wosazolowera amadabwa. Wa flyweight sapitirira makilogalamu 50.8. Wa super featherweight amalekeza pa 59, wa lightweight pa 61.2, wa welterweight pa 66.7. Okhawo a heavyweight, oposa 90.7, ndiwo alibe denga. Wina angafunse kuti makilogalamu awiri angasinthe chiyani pa mwamuna wamkulu. Amasintha zambiri. Munthu wokonzekera nkhonya sakhala ndi mafuta, ndiye chilichonse chomwe wamuposa nacho mnzake ndi mnofu wogwira ntchito, fupa lokulirapo, mkono wotalikirapo, khosi lotha kumeza chibakera. Akakumangirira n'kukutsamira, umanyamula thupi lake raundi iliyonse, ndipo pofika raundi ya 10 miyendo imakhala itayamba kukana.

Amene amati luso limagonjetsa chilichonse ayenera kukumbukira zomwe zinamuchitikira Sugar Ray Robinson, munthu yemwe ambiri amati sanaonekenso wofanana naye. Mu June 1952 ku Yankee Stadium mu New York anakwera gulu kukalimbana ndi Joey Maxim pa lamba wa light heavyweight. Maxim ankamuposa ndi makilogalamu pafupifupi 7. Kunatentha kufika madigiri 40, moti woimbira, Ruby Goldstein, analephera kupitiriza itatha raundi ya 10 n'kulowedwa m'malo. Robinson ankatsogola pa mapepala a majaji onse, koma kuti atsogole chomwecho ankayenera kuzungulira, kulowa n'kutuluka, pomwe Maxim ankangoyenda pang'onopang'ono, kutsamira ndi kudikira. Belu la raundi ya 14 litalira, Robinson sanathe kudzuka pa mpando. Luso linali lake, koma thupi laling'ono linalipira mtengo wokwera kuposa lalikulu. Inde, zimachitika kuti wochepa apambane. Mu May 2024 ku Riyadh, Oleksandr Usyk anagonjetsa Tyson Fury yemwe ankamuposa ndi makilogalamu oposa 17. Koma Usyk mwiniwakeyo ankaposa makilogalamu 100, sanali kamunthu. Mwamuna mnzako n'pachulu, umalinga utakwerapo, komatu chulu china chimakhala phiri, ndipo ntchito ya bungwe ngati ili ndi kukana kuti mwana wa mwini atumizidwe kukakwera phiri pofuna kudzaza holo.

Zaka zoyambirira sizinali zophweka. Linali bungwe la boma la atsamunda, m'dziko lomwe khungu linkagamula komwe munthu agone, adye ndi kusewera. Kenako mu November 1965 boma la Ian Smith linadzilengeza lokha kuti ndi lodziimira, maiko n'kuitsekera Rhodesia zitseko. Kwa zaka pafupifupi 15 anyamata aluso nthawi zambiri ankangomenyana okhaokha, kubwereza adani omwewo, kwinaku zaka zawo zabwino zikutha. Mmodzi mwa anthu omwe anakulira m'nyengo imeneyi ndi amene mpaka lero mbiri ya bungweli singakambidwe popanda iye.

Langton Tinago, yemwe anthu ankangomuti "Schoolboy", anabadwira ku Shurugwi mu 1949, tauni ya chrome ndi golide ya pamwamba pa mapiri a Boterekwa. Anayamba nkhonya zolipidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo pomwe ankapuma anali atamenya nkhonya zoposa 100. M'dziko mwake anatenga lamba wa lightweight, n'kutenganso wa welterweight, kutanthauza kuti ankalowa m'bwalo ndi amuna a gulu lomwe malire ake ndi okwera ndi makilogalamu oposa 5 kuposa ake. Sanali wogwetsa anthu ndi chibakera chimodzi. Chuma chake chinali diso, mapazi, dzanja lamanzere losatopa ndi mtima wosapupuluma. Ufulu utabwera pa 18 April 1980, Zimbabwe n'kulowa mu Commonwealth, khomo linatseguka Tinago ali kale ndi zaka zoposa 30. Chaka chisanathe, mu December, anapita ku Lagos n'kukalanda lamba wa Commonwealth wa lightweight kwa Hogan Jimoh pamaso pa anthu a kwawo kwa Jimoh yemweyo.

Lambayo sanakhale naye nthawi yaitali. Mu May 1981 ku Melbourne anagonja kwa Barry Michael, yemwe patapita zaka zinayi anadzatenga lamba wa dziko lonse wa IBF. Apa ndi pomwe Tinago anachita chinthu chomwe chimandichititsa chidwi kuposa zonse. Ankhonya ambiri akamakula amakwera gulu, poti thupi limayamba kusunga. Iye anatsika. Mu 1983, ali ndi zaka 33, anadzifinya mpaka kukwana pa makilogalamu 59 n'kugonjetsa Safiu Okebadan wa ku Nigeria mu Harare, kutenga lamba wa Commonwealth wa super featherweight. Chaka chotsatira lambayo anapita kwa John Sichula wa ku Zambia. Ambiri anati mkuluyu watha basi, apachike magolovesi. Koma mu August 1986, ali ndi zaka 36, anabwerera ku lightweight, n'kupita ku Manchester kukagonjetsa Graeme Brooke wa ku Australia, kutenga lamba wa Commonwealth kachitatu. Anadzamutaya mu 1987 kwa Mo Hussein. Moyo wake wotsala anakhala ku Gweru, komwe anamwalira mu July 2018.

Zaka zomwezo dziko linali ndi ngwazi ina yosiyana naye kotheratu. Proud Chinembiri, wotchedwa "Kilimanjaro" chifukwa cha msinkhu wake, anatenga lamba wa heavyweight wa Africa mu 1982 atagonjetsa Adama Mensah wa ku Ghana pa Rufaro Stadium. Ameneyu ndiye ankadzaza mabwalo, poti anthu amakonda kuona zimphona zikugwa. Atayesa lamba wa Commonwealth mu 1987 ku Mangalande, anagonja kwa Horace Notice. Anamwalira mu 1994. Patapita zaka zinayi, kumapeto ena a sikelo kunatulukira Arifonso Zvenyika wa ku Mbare, "Mosquito", yemwe mu January 1998 anakagonjetsa Paul Weir ku Glasgow n'kubweretsa lamba wa Commonwealth wa flyweight. Phiri ndi udzudzu, onse olembetsedwa m'kaundula mmodzi wa bungwe limodzi.

Mkangano woti wamkulu ndani pakati pa atatuwa sutha m'mabawa a ku Mbizo ndi ku Mkoba. Pali omwe amadula nkhani mwachidule: muwaike m'bwalo limodzi muone. Kunena zoona, akanati aikidwedi, Kilimanjaro akanapambana, ndipo mwina wina akanatuluka pa machira. Koma zimenezo sizitiuza kuti wodziwa nkhonya ndani, zimangotiuza kuti wolemera ndani, zomwe sikelo inatiuza kale popanda kukhetsa magazi. Poyerekeza ankhonya a magulu osiyana, mafunso oyenera ndi ena. Anamenya ndani? Anakawamenyera kuti, kwawo kapena kwa eni? Atagwa anadzukanso? Anakhala pamwamba zaka zingati? Ndikayankha mafunso amenewa, ine ndimaika Tinago patsogolo mosakayika. Malamba awiri mwa atatu aja anakawatenga kunja kwa dziko lake, ku Lagos ndi ku Manchester, komwe mlendo amayenera kupambana moonekeratu kuti majaji amupatse. Anachita zimenezi m'magulu awiri, pa zaka zomwe anzake amakhala atayamba kale kuphunzitsa ana. Kilimanjaro anali ngwazi yeniyeni ndipo dzina lake n'loyenera ulemu, koma gulu la heavyweight mu Africa linali ndi anthu ochepa, pomwe m'magulu a pakatiwa, momwe amuna ambiri a kuno amalemera, adani amakhala ochuluka ndipo aliyense ndi wothamanga.

Kenako migodi yomwe inkadyetsa masewerawa inayamba kuzima. Ng'anjo za Ziscosteel ku Redcliff zinasiya kuyaka mu 2008. Mgodi wa Shabanie, womwe boma linautenga m'manja mwa eni ake mu 2004, unafooka mpaka kuima. Kutseka kwa mgodi si kutha kwa malipiro okha. Kumapita ndi holo, ndi mkulu woyang'anira zamasewera yemwe kampani inkamulipira, ndi basi yonyamula timu, ndi chipatala komwe mnyamata ankasokedwa chikope. Ndalama ya dziko itagwa mu 2008, mapromota anasowa pogwira, ndipo nkhonya zinayamba kuchitika mwa apo ndi apo. Anyamata a msinkhu wovala magolovesi anatsikira m'maenje a golide kukakhala makorokoza, okumba golide paokha. Chomwe chimandipweteka kwambiri n'choti cha m'ma 2019 dzina la Shurugwi linayamba kutchulidwa m'manyuzi ngati dzina la magulu a zikwanje ozunza anthu m'migodi ing'onoing'ono, pomwe ambiri a m'maguluwo sanali a kumeneko n'komwe. Tauni yomwe inabala munthu womenya mwa malamulo, wogwirana chanza ndi mdani belu likalira, siinayenere kudziwika ndi zimenezo.

Aluso omwe anatsala anayamba kuyang'ana kunja. Charles Manyuchi anakakulira m'manja mwa Oriental Quarries Boxing Promotions ku Lusaka, ndipo mu May 2016 anakagonjetsa Dmitry Mikhaylenko ku Yekaterinburg m'dziko la Russia n'kutenga lamba wa WBC Silver wa welterweight. Mbendera inali ya Zimbabwe, koma khola linali la ku Zambia. Zimenezi zinasonyeza poyera kuti luso silinathe, chinatha ndi pomwe lusolo lingakulire.

Kayendetsedwe ka bungweli n'kosavuta kumva. Mamembala ake amasankhidwa ndi nduna yoona zamasewera, ndipo amatsogozedwa ndi wapampando. Ntchito za tsiku ndi tsiku zimayendetsedwa ndi ofesi ya mlembi wamkulu ku Harare, yomwe imasunga kaundula, kupereka ziphaso, kuvomereza nkhonya ndi kulemba makalata olola wankhonya kukamenya kunja. Wochokera ku Malawi kapena ku Zambia naye amayenera kubwera ndi kalata ya bungwe la kwawo. Nkhonya za achinyamata ndi ena osalipidwa zili ndi bungwe lakelake, Zimbabwe Boxing Federation, ndipo mwana amadutsa kumeneko asanafike ku nkhonya zolipidwa. Pa tsiku la masewera bungwe limatumiza woyang'anira, woimbira, majaji atatu, wosunga nthawi ndi dokotala.

Koma ofuna kuona ntchito yeniyeni ya bungweli apite dzulo lake, pa nthawi yokwera sikelo. Mnyamata amafika milomo itauma, masaya atalowa. Masiku angapo wakhala akuthamanga dzuwa lili paliwombo atavala mapulasitiki m'kati mwa juzi, akutafuna chingamu n'kumalavulira m'botolo, madzi akungochukucha m'kamwa osameza. Amavula n'kutsala ndi kabudula wam'kati, amakwera, amatulutsa mpweya wonse, maso ali pa woyang'anira. Akapitirira ndi magalamu ochepa amapatsidwa kanthawi koti akachotse, ndipo mumamuona panja akudumpha chingwe thukuta litakana kutuluka. Apa m'pomwe pali ngozi ya masiku ano. Poti sikelo imakweredwa tsiku limodzi nkhonya isanachitike, munthu wamkulu thupi amadziumitsa kuti alowe gulu la ang'onoang'ono, usiku n'kumwa ndi kudya, mawa lake n'kulowa m'bwalo atabwezera makilogalamu angapo. Mnzake yemwe kulemera kwake n'komweko amapezeka akumenyana ndi munthu wa gulu lina. Wodziumitsayo nayenso amadziika pachiswe, chifukwa thupi losowa madzi silipirira bwino zibakera za kumutu. Ngozi ina ndi ya promota wofuna kukometsa mbiri ya mnyamata wake pomupezera wanjala woti angomugwetsa. M'matauni momwe ntchito zinatha, wolola kumenyedwa chifukwa cha madola ochepa sasowa. Woyang'anira yemwe amakana nkhonya yotere sawomberedwa m'manja ndi aliyense, koma ndiye amene wagwira ntchito yomwe lamulo linamutuma.

Olemba lamulo la 1956 ankaganiza za amuna okhaokha. Lero ena mwa mayina akuluakulu m'kaundula ndi a amayi. Monalisa Sibanda ndiye anatsegula njira, ndipo mu February 2022 Kudakwashe Chiwandire, "Take Money", anapita ku Lusaka kukagonjetsa Catherine Phiri n'kutenga lamba wogwirizira wa WBC wa super bantamweight, gulu la makilogalamu 55.3. Mu October chaka chomwecho anamuteteza mu Harare pogonjetsa Zulina Muñoz wa ku Mexico, asanakagonje kwa Yamileth Mercado mu 2023. Mu 2022 momwemo Zimbabwe inalandira msonkhano wa African Boxing Union ku Victoria Falls, komwe oimbira ndi majaji anaphunzitsidwanso ntchito.

Nkhani yaikulu yomwe bungweli lakhala likukankha ndi yokonzanso lamulo lake kuti ligwirizane ndi nthawi: litchule amayi momveka, likhudze masewera ena omenyana omwe achinyamata akuwathamangira masiku ano, ndiponso likhwimitse za umoyo wa osewera. Likufunanso kuti nkhonya zisamathere ku Harare ndi ku Bulawayo. Ku Midlands mwayi ulipo, poti migodi ya platinum ya Mimosa ku Zvishavane ndi Unki ku Shurugwi ikugwira ntchito, ndipo zomwe timu ya mpira ya FC Platinum yachita pa Mandava Stadium zaonetsa kuti ndalama ya mgodi ikalowa m'masewera zipatso zimaoneka. Nkhonya sizifuna zambiri ngati mpira. Zimafuna holo, zingwe, matumba omenya, mphunzitsi wolipidwa mwezi ndi mwezi, dokotala, ambulansi pakhomo, ndi woyang'anira wa bungwe wokhala m'chigawo momwemo, kuti promota wa ku Kwekwe kapena ku Mvuma asamadikire munthu wochokera ku Harare kuti adzayeze anyamata ake.